Mlendo Wolemekezeka Wawerenga Buku

Lolemba

Mabuku ali m'galaja ya MaDlamini, mwini nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Wattville, m'Joni muno. Makatoni mpaka kudenga. Buku lake ndi limodzi: langa. Ndalemba ndekha, ndakonza ndekha, ndasindikizitsa ndekha, ndipo mpaka lero ndawerenga ndekha.

Wosindikiza uja wa ku Benoni anati ndikasindikiza ambiri mtengo utsika. Unatsikadi. Pogona galimoto ndiye panatha.

MaDlamini akuti Lamulungu kukubwera anthu odzalowola mwana wawo, m'galajamo muyikidwa mipando. "Sisi, amabhokisi," akutero, chala chili kugeti. Chizulu changa n'choperewera, koma chala ndimachimva.

Palibe vuto. Loweruka ndikukhazikitsa buku. Zofunika:
holo (tchalitchi chamalata chija, abusa avomera)
masikono
mlendo wolemekezeka wa thumba lolemera, agule buku loyamba pamaso pa anthu, enawo manyazi awagwire, agule nawo.

Ndi mmene timachitira kwathu. Munthu sagula buku, amagula kuti amuone akugula.

Lachiwiri

Mlendo wapezeka! Che Jafali, amene amatinyamulira katundu kupita naye kumudzi pa loli yawo yobiriwira. Aliyense wa ku Malawi kuno ali ndi kanthu kake m'manja mwawo: njinga, malata, bedi. Iwowa akati tiyeni, anthu amanyamuka.

Inenso ndinawapatsa furiji ya amayi zaka zapitazo. Mpaka lero "ili panjira". Koma lero sitikamba za furiji, tikukamba za luso.

Ndikuwapatsa buku limodzi loti akaligwire pojambulitsa. Akuliyeza m'dzanja, dzino lawo lagolide likung'anima. "Silolemera ayi." Ndemanga yoyamba ya buku langa imeneyo!

Sindikuda nkhawa. Mlendo wolemekezeka sawerenga buku, ndi lamulo. Amalikweza m'mwamba, amadandaula kuti ana amakono sawerenga, amadya, amapita.

Lachitatu

Tsiku lonse ndikusita malaya a eni ake ku Benoni. Digiri yanga ya zolembalemba imadziwa kolala bwino.

Ndatumiza uthenga woitanira anthu pa gulu lathu la pafoni. Mayankho:
"Zikomo, ndasangalala nanu." (sabwera)
"Muli zithunzi?"
"Ine langa ndi laulere, si tinakhala desiki imodzi?"
Memory, msuweni wanga: "Ingoliponya pagulupa anthu aone ngati lili bwino."

Eti aone. Tomato amamuluma kaye asanagule?

Ndapitanso kusitolo ya mabuku. Mtsikana wa pakauntala walitembenuza, watembenuzanso, n'kufunsa ngati ndi buku la nyimbo zakutchalitchi. Akuti chinenerochi alibe shelefu yake. Anthu ochilankhula ndiye ali paliponse, wina amawatchetchera kapinga panja pomwepo.

Madzulo uthenga wa Che Jafali: "Ndamaliza mutu wachiwiri."

Amaliza chiyani? Wawatuma ndani?

Mutu wachitatu ndi wa Che Amidu, wonyamula katundu wa anthu, amene amasowetsa furiji ya mayi wamasiye.

Lachinayi

Mawu ojambula pafoni ochokera kwa Che Jafali, aatali ngati ulaliki. "Achemwali, Che Amidu ameneyu ndi ndani?"

Ndikuyankha mwa sukulu. Munthu wa m'nkhani ndi wopeka. Mlembi amatola apa ndi apo, khalidwe la anthu ambiri n'kuumba munthu mmodzi.

"Anthu ambiriwo onse ali ndi dzino lagolide kumanzere?"

Chondipweteka n'choti ndinayesetsa. Loli yawo ndi yobiriwira, ya Che Amidu ndinaipaka buluu! Munthu azichitanso chiyani kuti anthu aone kuti wapeka?

Zaka zonsezi ndakhala ndikulira kuti anthu athu sawerenga. Pa anthu onse a m'Joni muno, Mulungu wandisankhira mmodzi.

MaDlamini akuyeza galaja ndi chingwe. Makatoni akuwayang'ana ngati mlendo amene wagonera kawiri.

Lachisanu

Che Jafali sanaletse munthu kubwera. Anthu aulemu ngati iwo saletsa. Angonena potuluka m'mapemphero ku Actonville kuti loli ndi yodzaza masiku ano, katundu wa anthu okonda mabuku mwina adikira kaye.

Zipepeso zikugwa ngati matalala:
wina shifiti yasintha
wina mwana watentha thupi (mwanayo ali ku Balaka)
wa desiki imodzi uja sakufunanso ngakhale laulere

Abusa akuti holo ilipobe, koma dzina lawo lisamveke. Ali ndi zokuzira mawu panjira.

Ndaphika masikono. Wolemba weniweni sagonja.

Loweruka

Opezekapo: ine. Memory, ndi kontena yotengera masikono otsala, amene sanatsale chifukwa sanayambe n'kudyedwa komwe. Abusa ndi makiyi m'manja. Mayi wina wa ku Chipata amene amayesa kuli kwaya.

Ndikuwerenga ndime yoyamba kwa mipando. Mipando ikumvetsera bwino kuposa anthu.

Kenako loli yobiriwira pakhomo. Che Jafali akulowa, buku lili m'manja, masamba opindapinda, m'mbali modzaza pensulo. Akhala kutsogolo. Madandaulo awo:
furiji saigoneka chagada, aliyense amadziwa
msewu umene ndalemba loli siidutsa
Che Amidu ndam'mana mkazi, chifukwa chiyani?

Ndiye akutsegula kumapeto. Mawu atsika. "Koma mtsikana wa m'mutu womaliza uja, achemwali. Bwanji simunamulole kufika pamaliro a mayi ake? Anali atafika kale pamalire." Akupukuta magalasi nthawi yaitali. "Ine ndanyamulapo anthu otero."

Mutu umenewo ndinaulemba chaka chathunthu. Memory sanaufike. Wosindikiza sanaufike. Ndikufuna kukwiya, koma sizikutheka.

Chigamulo chawo: m'Joni muno bukuli lisagulitsidwe, dzina lawo ndi bizinesi. Koma makatoni onse awanyamula okha mawa, kukatula kwa mkulu wanga ku Zomba. Ulere.

Ndikuganiza za ufulu wa mlembi. Ndikuganizanso za chala cha MaDlamini. Ndavomera.

Lamulungu

Apakira m'mawa. Mabuku anga ali pakati pa matiresi ndi njinga, amangidwa bwino ndi zingwe. Sanagonekedwe chagada, ndayang'ana.

Galaja yayera. Mipando yalowa, odzalowola afika ndi masuti awo, MaDlamini andipatsa mbale ya nyama ndipo akunditchulanso dzina.

Ndafunsa kuti mabukuwo afika liti ku Zomba. Dzino lang'anima. "Musadandaule, achemwali. Ali panjira."

Ndawaimbira amayi kuti furiji yawo ikulandira alendo.

Buku lawo lija sanaliponye m'katoni. Lili kutsogolo, pafupi ndi chiwongolero. Injini italira atulutsa mutu pawindo: "Buku lachiwiri mulemba liti? Mtsikanayo afike kwawo. Ndipo loliyo ikhale yatsopano."

Mawa kusita. Madzulo ndiyamba mutu woyamba. Loliyo ndiipaka yofiira.