Rimoti Imene Inkalira Ndikagwada

Nkhaniyi sindinkafuna kuilemba, ngakhale m'kabuku kanga kamene ndimabisa pansi pa matiresi. Koma poti theka la komboni yathu ya Mtendere linaona ndi maso, ndibisiranji?

Atate ali ndi kamotoka koyera, kakale, kamene amakapukuta m'mawa uliwonse iwo asanasambe n'komwe. Chimene amachikonda kwambiri ndi rimoti yake. Amaima patali, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kutambasula dzanja ngati wotsogolera kwaya, motoka n'kuyankha kuti pyu-pyu. Rimoti yachiwiri imakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi kiyi wake. Amaitcha "ya tsiku la mavuto."

Imeneyo ndi imene ndinaichapa. Amayi anaiiwala m'thumba la epuloni, ine n'kunyika epuloniyo m'madzi a sopo uku ndikuyang'ana mitambo (wina unkaoneka ngati basi ya ku Chipata, ndipo mumtima ndinali nditakwera kale, pampando wa pazenera). Ndinaitulutsa ikudontha thovu. Ndinaikwirira mumpunga masiku atatu kuti iume, n'kuikamo batire latsopano. Kagetsi kake kanayaka, koma motoka inali itaiiwala.

Kwathu ine ndine mwana amene salakwa. Atate amatero alendo akabwera, ine n'kuyang'ana pansi. Dzina limenelo sindinkafuna kulitaya.

Pafoni ya Amayi ndinapeza bambo wina wakunja akuphunzitsa mmene ungakumbutsire motoka rimoti yake. Ndinakopera zonse m'kabuku, mwaukhondo: kulowetsa kiyi ndi kumutulutsa, kutseka chitseko ndi kutsegula, kangati kangati. Pomaliza, chitseko chili chotseka, kutembenuza kiyi kamodzi n'kumubweza. Bamboyo anayamba kunena zina zokhudza kutembenuza kawiri, koma mabandulo anathera pomwepo.

Mpata ndinaupeza Loweruka, tsiku la chilanga mulilo cha msuweni wanga Misozi, pamene azimayi a kuchikazi amapereka zakudya kwawo kwa mwamuna. Motoka ya Atate ndi imene inayenera kunyamula mapoto kupita ku Matero, kwawo kwa mwamunayo. Atate anali atapita kukameta, azimayi onse ali kuseri kwa nyumba kuphika.

Ndinalowa mwakachetechete. Munali motentha bwino, mukununkhira polishi. Dzuwa linkadutsa m'masamba n'kumasewera pachiwongolero. Ndinagwira chiwongolerocho pang'ono chabe, ndipo ndinadziona ndili wamkulu, ndikudutsa m'mapiri a ku Luangwa, mphepo ikundikupiza. Kenako ndinatsegula kabuku n'kuyamba. Kiyi, chitseko, kiyi, chitseko. Ndinatembenuza kiyi kamodzi, n'kumubweza.

Go, go, go! pagalasi.

Anali ba Anti Ezelina a ku Chawama, achemwali awo aakulu a Atate, chikwama chili m'khwapa.

"Iwe! Uniyangana pa galasi monga ndine TV? Supasa moni bakulu?"

Chitseko sindikanatsegula, chikanasokoneza zonse. Koma munthu wamkulu sapatsidwa moni pagalasi lotseka, ndipo zenera la motokayi silitsika kiyi asanatembenuzidwe. Dzanja langa silinandifunse n'komwe. Linatembenuza kiyi, galasi n'kutsika.

"Mwafika bwanji, ba Anti?" ndinatero ndikuomba m'manja.

"Tafika. Uchita chani mu motoka ya batate bako?"

"Nipukuta chabe."

Atangodutsa, ndinakweza galasi, n'kubweza kiyi, n'kumutulutsa. Maloko anagogoda kawiri. M'kabuku munalembedwa kamodzi, koma ndinangoti mwina motoka yasangalala. Ndinadina mabatani monga ananenera bambo uja, n'kutuluka, n'kuyesa. Pyu-pyu! Mtima wanga unauluka ngati kaiti. Amayi anaitana nthawi yomweyo, ndiye ndinangoponya rimotiyo m'thumba la siketi, n'kumanga chitenje pamwamba.

(Zimene bambo uja ankafuna kunena ndinazimva patapita sabata: ukatembenuza kawiri, motoka imaiwala marimoti ena onse, n'kusunga imene uli nayo m'manja basi.)

Masana azimayi anatuluka pamzere, mapoto okutidwa ndi zitenje ali pamutu, ng'oma ikulira. Atate anaima pansi pa mapeyala ali mu suti, mutu ukuwala, n'kutambasula dzanja. Zii. Anadinanso. Zii. Anayandikira masitepe awiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

Pamenepo pageti panalowa alangizi atatu, azimayi aakulu oyendetsa mwambo. Amayi anandigunda ndi chigongono. "Gwada, upase moni."

Ndinagwada. Thumba linapanikizika pantchafu. Pyu-pyu!

"Mwaona?" anatero Atate akumwetulira. "Imachedwa chabe kumvela."

Ndinasendera kwa mlangizi wachiwiri n'kugwadanso. Pyu! Motoka inadzitseka, Amayi atangofika pabuti ndi poto wa nkhuku pamutu. Kwa wachitatu inatseguka. Atate anayang'ana rimoti yawo, chala chawo chili kutali ndi batani. Ng'oma inasiya.

"Iyi motoka ili na ulemu kuchila bana ba masiku ano," anatero ba Anti Ezelina. Ena anaseka, koma mlangizi wamkulu sanaseke.

"Vakudya va mukwati sivingangene mu motoka yamene ichita vamene ifuna," anatero. "Bwezani mapoto. Tiyambe tapemphela."

Ndinaganiza za Misozi, amene anadzuka m'mamawa kusenda anyezi, ndi za anthu a ku Matero akudikira pageti. Ndinayang'ana Atate, thukuta likutsikira mukolala. Ndikanatha kungokhala chete, osagwadanso mpaka Khirisimasi.

"Ni ine," ndinatero. Palibe anamva. Ndinabwereza, ndipo mawu anga anatuluka ngati a mwana wa mbuzi. "Badadi, ni ine."

Ndinamasula chitenje pamaso pa anthu onsewo, n'kutulutsa rimoti. Ndinafotokoza za epuloni, za mpunga, za zenera. Makutu anga ankayaka.

"Nenze kudziba ine!" anakuwa ba Anti Ezelina. "Kupukuta kwa bwanji kulibe na kansalu?"

Atate anatenga rimotiyo n'kuinunkhiza. Inkamvekabe sopo. Anatembenukira kwa ine.

"So mami, motoka yanga manje imvela iwe?"

Kenako anabwerera pansi pa mapeyala, masitepe awiri aja, n'kutambasula dzanja. Pyu-pyu! Azimayi analulutira, ng'oma inayambanso, mapoto n'kulowa. Ku Matero tinachedwa pang'ono, koma nkhuku inafika ikadali yotentha.

Rimoti yakale ya Atate tsopano ili pamsomali, sigwira ntchito, ndipo andiletsa kuikhudza. Alendo akabwera sanenanso kuti ndine mwana amene salakwa. Amati, "Uyu ndiye makanika wathu," ndipo ndikagwada kupereka moni, mlendo aliyense amatembenukira kumotoka.

M'kabuku ndalemba kuti munthu aziona phunziro mpaka kumapeto asanayambe kanthu, ndipo ndadula mzere kunsi kwake. Koma ba Anti Ezelina akadzagogodanso pagalasi, ndikudziwa chimene dzanja langa lidzachite.