Apongozi m'galasi la thiraki

Mpaka lero anzanga a pa depoti ya mbewu pa Kamwendo akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse moni. Asiyeni aseke, ndinaziyamba ndekha.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa kalole kakang'ono, koma mtima unali pa thiraki ya thirela yopita ku Chipata. A Mbewe, dalaivala wathu wamkulu, ankandiphunzitsa livesi, kuyendetsa chobwerera m'mbuyo, pabwalo la mpira. Abale, thirela ndi yamwano! Ukati ipite kumanja, iyo ulendo kumanzere. "Siteringi usamaiyang'ane," ankatero a Mbewe. "Maso ako ndi galasi. Ukasiya galasi, wapha munthu."

Tsiku londiyesa linagwa m'nyengo yogulitsa mtedza, pa depoti anthu ali pikitipikiti. Bwana anaima pakhonde lokwezera matumba, manja m'thumba.

"Ukaikhazika bwinobwino pakhonde pano, makiyi ndi ako," anatero. "Ukalephera, pali mnzako akudikira."

Tsono ine ndine mkamwini kwa Mlonyeni, kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Chisomo. Kumeneko mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana m'maso, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. (A m'tauni sekani, koma ine chikwatire, apongozi anga ndinkangowadziwira chitenje ndi kayendedwe.)

Ndinalowetsa giya, thiraki n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Zinayamba bwino ndithu. Kuti ndiponye diso pagalasi lakumanja, mayo ine! Chitenje chobiriwira chimene ndinagula ndekha pa Khirisimasi. Apongozi! Anabwera kudzagulitsa mtedza, ndipo anaima cha kukhonde kuja, nkhope italunjika pagalasi langa.

Khosi linatembenuka lokha. Ndinathawira pagalasi lakumanzere, m'mene munkangooneka mtengo wa mango.

"Kumanja! Yang'ana kumanja iwe!" anakuwa a Mbewe.

Kumva ndinkamva, koma khosi linakaniratu. Ndinkangoti mwina asunthapo, mwina apita kusikelo. Thirela inayamba kupindika, ndikawongolera kuno iyo ikuthawira uko. Thukuta linkalowa m'maso. Ndiye mukudziwa kwathu kuno, galimoto ikamabwerera aliyense amasanduka mphunzitsi. Uyu "Bwera!" uyo "Dula!" winanso "Basi!" Kenako ndinamva mayi wina akulira: "Munthu! Munthu kumbuyoko!"

Pamenepo mwambo ndinauiwala. Kuyang'ana kumanja, apongozi awerama m'munsi mwa khonde, akutola mtedza wotayika, msana atalozetsa kuthiraki, ngodya ya thirela yatsala pang'onong'ono kuwapanikiza kukhoma. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, chithiraki n'kugwedezeka, n'kuzima. Ndinaopa, abale, sindinaopepo chotero. Mutu unatuluka pawindo, pakamwa n'kutseguka pokha:

"Iwe mayi iwe! Choka apo! Ukufuna kufa?"

Apongozi anaweramuka, maso athu n'kuphana. Sanafulumire. Anamanga mtedza wawo pansonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa mayi amene analira uja.

"Muwauze bambo a Chisomo kuti ndamva."

Bola akanandiwomba mbama.

Bwana sanataye nthawi. "Livesi woyang'ana mtengo wa mango sindinamuonepo. Tsika." Makiyi analandira mnzanga wodikira uja, ine ndikuona. A Mbewe anangogwira pakamwa n'kulowera kuseri kwa matumba (mapewa ndinawaona, ankaseka).

Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike. Ankhoswe anakhala pansi, tambala wanga wamkulu n'kupita kukapepesa. Koma chimene chinandilasa ndi funso la mayi a Chisomo: "Kuwayang'ana munachita manyazi, koma kuwakalipira pagulu manyazi munalibe?"

Patapita nthawi ndinayesedwanso, thiraki anandipatsa. Livesi tsopano ndimamutha, ndipo amene ndikuwaphunzitsa ndimawauza molimba mtima kuti galasi salisiya, kaya muoneke ndani. Koma kunena zoona, m'mawa ndisananyamuke ndimafunsabe mkazi wanga monong'ona: "Kodi amayi lero akulowera kuti?"