Mfuti ya Che Jafali ndi Galu Wachiwewe

Tsekani wailesiyo, tsekani! Akuti chiyani? Akuti munthu wamba asanagwire mfuti ayambe waphunzira, amuyeze maso, amuyeze mutu, afufuze ngati amamenya mkazi kunyumba? Akayeze ena, osati ine Namakhwa. Inu a Phiri mukuseka, sekani, koma amene akuti ndine wabodza asiye bawoyi pompano, atsetsereke pamsika akafunse amayi a tomato za galu wachiwewe uja. Sukulu ya mfuti sindinaipondeko ngakhale pakhomo, koma Chilomoni yense akupuma lero chifukwa cha chala ichi. Mukumva?

Linali Lachisanu masana, mwezi wa Okutobala, kukutentha moti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale. Ine ndinali pagolosale ya Che Jafali ndikupachika chitseko chimene chinaguluka, pajatu ukalipentala ndiye ntchito yanga, eni ake atapita kumzikiti kukaswali, m'sitolo mutatsala akazi awo Abiti Saidi. Ndinangomva mfuu kumtunda, kumbali ya Michiru, kenako anthu akubwera liwiro, malichero akugubuduzika, makabichi akupitirira eni ake, agogo ena amene ankayendera ndodo kwa zaka khumi ataitaya ndodoyo n'kudutsa anyamata a mpira, ndipo pambuyo pawo galu. Galuyo, abale anga, anali wamsinkhu wa ng'ombe yamkaka, maso psuu ngati nyali zakumbuyo kwa minibasi, thovu lam'kamwa lochuluka moti pamene wadutsa amayi akanatha kuchapirapo mabulangete, ndipo analuma tayala la njinga ya kabaza njingayo n'kuchita misala n'kuyamba kuthamangitsa mwini wake, analuma mtengo wa mango, mango aawisi onse n'kuyamba kuuwa. Ndaona ndi maso awa! Ndiye taganizani, ana a sukulu anali atatsala pang'ono kuweruka, ndipo njira yawo inali yomweyo.

Che Jafali anali ndi mfuti yachilolezo. Iwo ndiye anachita zonse zimene akunena pawailesizi, kuphunzira, kuyezedwa, kusayina mapepala mulu wofika m'chiuno, n'kumaitsekera m'kabati, kiyi ali m'thumba la mkanjo. Koma kabatiyo anakhoma ndani? Ine. Msomali uliwonse ndinkaudziwa dzina. Ndinalowa kuchipinda, hamala kawiri kokha, thabwa lakumbuyo gwa, mfuti ili m'manja, kachitini ka zipolopolo kali m'khwapa.

Abiti Saidi anandigwira malaya. "A Namakhwa, isiyeni chonde! Bambo salola ngakhale ine kuikhudza. Munayamba mwawomberapo inu?"

Ine ndinati, "Mayi, mwana wa bakha amapita kusukulu yosambira?"

Chipolopolo choyamba ndinachilowetsa chopenya kumbuyo, mfutiyo mwaulemu inachilavula yokha, ndinachitola n'kuchitembenuza, chinalowa khethe, ndipo nditatulukira pamsewu, poti ndine munthu waulemu, ndinayamba ndapereka moni uku ndi uku mfuti ili patsogolo, msika wonse unagona pansi ngati chimanga chogwa ndi mphepo, pamodzi ndi abusa, pamodzi ndi mbuzi. Munthu wophunzira angagoneke msika wonse ndi moni? Galu uja anaima pakati pa msewu. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Ndinakoka kachitsulo kowombera kaja.

Phuu! Kulira kwake dzimbiri linayoyoka pamalata onse kuchokera kuno mpaka ku Zingwangwa, nyumba zinawala ngati zofolera dzulo, ndipo mfutiyo inandikankha paphewa ndinauluka chafutambuyo, kulowa pachitseko ndinkakonza chija, kudutsa m'sitolo, kutulukira pazenera lakuseri, kukatera m'dengu la usipa wa eni ake nsapato zitatsala pamsewu zitaima bwinobwino. Galu, pochenjera, anawerama. Chipolopolo chinamudutsa pamutu. Inu mukanati basi zavuta, koma chimenecho chinali chipolopolo chotumidwa ndi Namakhwa, sichikanabwerera chimanjamanja. Mukumva? Chinatsetsereka ndi msewu, chinalowa m'minibasi pazenera la dalaivala, chinapempha anthu kuti asendere, chinatulukira pakhomo la kondakitala, chinapeza munthu akumetedwa pakhonde chinamumaliza mbali imene inatsala n'kumulemba mzere wowongoka, chinakumana ndi maliro chinaima pambali mpaka bokosi litadutsa, pajatu chinachokera m'manja mwa munthu wamwambo, kenako chinawoloka mtsinje wa Mudi, chinakagunda thanthwe paphiri la Ndirande, ngii, chinatembenuka, chinabwerera ku Chilomoni chili thukuta kamukamu, chikufunsa m'njira kuti galu wamkulu uja walowera kuti. Anthu anachilozera. Chinamupeza atabisala kuseri kwa matumba a makala, ndipo galuyo atachiona anadziwa kuti kwake kwatha, anangogona chagada miyendo m'mwamba n'kufa yekha chisanamukhudze n'komwe. Ana anaweruka, anadutsa akuimba, palibe ngakhale mmodzi analumidwa. Ndikanama apa lilime ili liume!

Mukuti chiyani a Phiri? Amayi Nachisale? Eya, analipo, sindikukana. Mayi wogulitsa makalayo anali ndi mpini wa khasu, ndipo n'zoona kuti anamumenya galuyo pamutu katatu. Koma anamenya galu woti mtima waima kale ndi mantha a chipolopolo changa. Ndipo zoti anali galu wamng'ono wofiira, wa nthiti zowerengeka, zimenezo amanena anthu amene anamuona atafa. Galu akafa amafota, aliyense amadziwa.

Apolisi anabwera, eya. Anatenga mfuti, ananditenga ndi ine, ndinakhalako masiku angapo, sindikufuna kuwerenga. Wamkulu wawo anandifunsa kuti, "Madala, mmene munkawombera munkayang'ana kuti?" Ine ndinati funso limenelo ndi lamwano. Che Jafali mfuti yawo sinabwerenso, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikakumana amangoti "mwaswera" maso ali kumbali, munthu amene tinkamwa tiyi kapu imodzi.

Musandiyang'ane choncho. Ndikudziwa chimene mukufuna ndinene. Chabwino.

Kutsidya kwa msewu, pakhonde, panali a Kapito atelala, akusoka yunifomu ya mwana wa eni ake. Iwo sanagone pansi ndi anzawo aja chifukwa makutu awo ndi olemera, sanamve kanthu, mutu unali pansalu. Chipolopolo chija, kaya popita kaya pobwerera ku Ndirande, ine sindidziwa, chinawalowa pabondo lakumanja. Sanakuwe. Anangoleka kupalasa, n'kumayang'ana magazi akutsikira pachitsulo chopondapo, ulusi uli pakamwa. Amene anawabereka mpaka pamsewu waukulu ndine, wopanda nsapato, ndikununkha usipa, iwo akundifunsa kukhutu kuti, "A Namakhwa, chandiluma n'chiyani?" Kuchipatala anachotsa chipolopolocho, koma bondolo silinapindikenso. Ndi mwendo umenewo ankadyetsa ana asanu.

Wapolisi uja sindinamuyankhe, koma inu ndikuuzani, ndipo zithere pompano. Ndinatsinzina. Maso onse awiri. Ndinkayesa kuti mfuti imadziwa yokha kumene ikupita.

Nthawi ili bwanji? Thuu koloko? Ndipatseni chipewa changa, masewerawa mumalize nokha. A Kapito ali ndi madiresi a ukwati asanu ndi limodzi ofunika Loweruka, iwo amagwira nsalu, ine ndimakhala pakampando pambali n'kumapalasa makinawo, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. Ndipo ndikuuzeni, m'Blantyre yense muno, kuyambira ku Bangwe mpaka ku Machinjiri, mulibe mwendo wopalasa makina ngati uwu. Dzana ndinapalasa mpaka singano inatuluka utsi. Kafunseni a Kapito.