Nthunzi m'Kagalasi ka Thirakitala ya Apongozi

Kwathu kuno, munthu akangotchula ukwati wa mlamu wanga Esinta, maso onse amatembenukira kwa ine. Akuluakulu amayamba kutsokomola, ana amathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka bwino. Poti nkhaniyi yafika kale ku Nsaru mpaka ku Kabudula, aliyense akuwonjezerako zake, bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Ine ndine mkamwini. Makolo anga anachokera ku Phalombe kudzachita utenanti pa esiteti ya fodya, ndiye kuno ndilibe munda, ndilibe ngakhale mtengo wa mango woti ndiloze kuti uwu ndi wanga. Chimene ndinatola pa esiteti paja ndi luso loyendetsa thirakitala. Choncho apongozi anga aakazi atagula kathirakitala kogwiritsidwapo kale ntchito (mwana wawo wa ku Joni ndiye anaikapo dzanja), makiyi anabwera kwa ine. Sanandipatse pamanja ayi, paja mwambo sulola kuti ine ndi iwo tiyang'anizane. Anadzera kwa mkazi wanga, amake Tadala. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu pamudzi. Pamaliro ankandipatsa mpando, pomwe akamwini anzanga ali pamiyala. Makiyiwo ndinkawamangirira palamba kuti azilira ndikamayenda, ngakhale popita kukalandira Ukaristia.

Ukwati wa Esinta, mng'ono wake wa mkazi wanga, unaikidwa mu Julaye, chisanu chili pachimake. Msewu wa kwathu galimoto yaing'ono imaukana, ndiye anapangana kuti mkwatibwi, apongozi ndi kwaya adzakwere ngolo ya thirakitala mpaka kuparishi. Ine ndinati thirakitala yonyamula mkwatibwi iyenera kuwala. Ndinapita nayo kudambo n'kuikhuthulira ndowa pambuyo pa ndowa, osasiya malo, mpaka pakagalasi ka kuseri kwa chiwongolero, kaja kamasonyeza dizilo ndi kutentha kwa injini.

Kutacha ndinapeza kagalasiko kali mbuu. Ndinapukuta ndi mkono wa malaya, osasintha. Ndinalavulirapo n'kupukutanso, chimodzimodzi. Nditayandikitsa diso m'pamene ndinaona kuti nthunziyo ili m'kati.

Apa ndiye panagona vuto langa. Anthu ena akaona chachilendo amapukusa mutu n'kupita kumunda. Ine chimandiyabwa mpaka ndichikande. Kabokosi kotsekeka mbali zonse, kopangidwa kufakitale, madzi alowamo bwanji? Ndinazungulira thirakitala ija, ndinasuzumira pansi, ndinagogoda ndi chikhadabo.

"Bambo a Tadala, phala lazizira," anatero amake Tadala. "Mukuonerera chiyani pamenepo?"

"Tabwerani muone. Madzi ali m'kati mwa galasi. Alowera pati?"

"Kodi ikukana kulira?"

"Ikulira bwinobwino."

"Ndiye isiyeni."

Dzuwa litafika paliwombo nthunzi ija inazimirira yokha. Ndinasangalala, koma pang'ono pokha, chifukwa funso lina linali litabadwa kale: yapita kuti? M'mawa mwake inabwerera. Tsiku ndi tsiku zinali choncho, ngati fodya wa m'chigafa amene amafewa m'mamawa n'kuuma masana. Munthu wanzeru akanaona kuti ikucheperachepera. Ine ndinkangoona kuti ikundiseka.

Ndinatenga mpeni wa kukhitchini n'kumasula zomangira. Kunsi kwa kabokosiko ndinapezako kabowo kakang'ono, koti n'kulowa kamtengo ka machesi. Ndinati wakuba uja khomo lake ndi ili. Ndinakapempha phula kwa mnzanga woweta njuchi, n'kumata kabowoko bwinobwino, kusalaza ndi chala. (Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine sindinadye, ndinangomatira, koma kusiyana kwake n'kochepa.)

Kuchokera apo nthunzi inasiya kuchoka ngakhale masana. Inasanduka timadontho, timadonthoto n'kumatsetsereka m'kati mwa galasi, manambala osaonekanso. Mantha anayamba kundigwira, poti ukwati unali ukuyandikira ndipo apongozi ankakonda kuima chapatali n'kumayang'ana chuma chawo.

Ku Nsaru, pamalo otchajitsira mafoni, ndinamva bambo wina akuuza mnzake kuti foni ikagwera m'madzi umaikwirira mumpunga, mpungawo umakoka chinyontho chonse. Sindinafunse zambiri. Foni ili ndi galasi ndi manambala, kanthu kanganso kali ndi galasi ndi manambala. Mpunga unalipo: thumba lonunkhira la ukwati, lomwe apongozi analisungitsa m'nyumba mwathu chifukwa ndi mwa simenti.

Ndinayamba ndi kapu imodzi, n'kuthira m'mphako ya kuseri kwa kabokosi, momwe mumadutsa mawaya. Sizinasinthe. Ndinaganiza kuti foni ndi yaing'ono, thirakitala ndi yaikulu, ndiye mankhwala ayeneranso kukula. Ndinaonjezera, mawa lake ndinaonjezeranso, mpaka mphako inadzaza ndipo chotsekera chinkachita kukanikizidwa ndi bondo.

Thumba lija linayamba kufwapa m'khosi. Uthenga unabwera kudzera mwa amake Tadala: "Amayi akuti makoswe akutha mpunga. Mutchere misampha." Ndinatchera ndithu, mwakhama, n'kuikamo nsinjiro. (Sindinagwire ndi mmodzi yemwe. Anali atasamukira kumalo kwabwino.)

Tsiku la ukwati kagalasi kanali kadakali mbuu, ndiye ndinakaphimba ndi maluwa a mapepala, anthu n'kumati adalaivala amadziwa kukongoletsa. Esinta anakhala pampando pakati pa ngolo, diresi loyera mbee. Apongozi anakhala pambali pake atayang'ana kumbuyo, kuopa kuona msana wa mkamwini. Kwaya inayamba nyimbo, ana akuthamangira m'fumbi. Kunena zoona, sindinamvepo kukoma ngati m'mawa umenewo.

Titafika pakamlatho ka mitengo ka padambo, tayala linagwa m'kadzenje, thirakitala n'kugwedezeka, injini zii. Ndinapotokola kiyi, sinayankhe. Ndinapotokolanso. Kwaya inapitiriza vesi ina mondilimbitsa mtima, kenako nayonso inazima.

"Alamu, chavuta n'chiyani?" anafunsa Esinta.

"Kanthu kakang'ono, mlamu. Tinyamuka pompano."

Panalibe kuchitira mwina. Ndinachotsa maluwa, n'kumasula chotsekera anthu onse akuona. Mpunga unakhuthukira pansapato zanga zopolisha, wosakanikirana ndi mankhusu, tizidutswa ta nsanza ndi zina zakudazakuda zimene simufuna kuti ndizitchule. Pambuyo pake panagwa kapu yanga ya malata, n'kugubudukira pansi pa mlatho. Mawaya anali atatafunidwa, ena oduka. Ndili chiyang'anire, khoswe wonenepa anatulukira m'mphakomo, anadutsa paphewa panga n'kugwera m'ngolo. Amayi a kwaya, ena a iwo odandaula mawondo Lamulungu lililonse, anatsika ngolo ija mosagwira paliponse.

Apongozi anatsika pang'onopang'ono. Anatola mpunga pang'ono, anaufikisa m'manja, anaununkhiza. Ine ndinali pafupi poti akanatha kundigwira malaya, koma anatembenukira kwa mwana wawo, amake Tadala.

"Uwafunse bambo a Tadala," anatero modekha, "ngati makoswe a masiku ano amayenda ndi kapu."

Amake Tadala anangondiyang'ana.

Esinta anakafika kuparishi pangolo ya ng'ombe yomwe inkachokera kokatula njerwa, diresi litafiira kumunsi, Bambo Mfumu atadikira mpaka kutopa. Ponyamuka mlamu wangayo ankalira mwakachetechete, ndipo misozi imeneyo imandiwawabe kuposa kuseka konse kwa anthu. Ine ndinatsala kulondera thirakitala. Nthungululu ndinkazimvera patali, nkhuku za m'mudzi wapafupi zikuchita phwando kumapazi kwanga.

Makaniko anabwera ukwati utatha. Atalumikiza mawaya anatokosola phula lija ndi kawaya n'kundionetsa.

"Achimwene, kabowo aka ndi kopumira. Chinyontho chimatulukira pomwepa. Mukanangoiimika padzuwa, osaithiranso madzi, bwenzi itauma yokha."

"Nanga poyamba chinalowera pati?"

"Mukufunabe kudziwa eti?" Anaseka n'kukwera njinga yake.

Madzulo a tsiku lomwelo amake Tadala anandipeza pakhonde, n'kutambasula dzanja. Ndinamasula makiyi palamba, ndipo ndinamva manyazi ndi chisoni zonse pamodzi. Paja mkamwini asamakule mwendo.

"Nanga aziyendetsa ndani?" ndinafunsa.

"Amayi akuti mundiphunzitse ine."

Ndinawaphunzitsa, ndipo sindibisa, amayendetsa bwino. Tsiku lomwe anayamba kupita okha kokasenza manyowa kunazizira kwambiri, ndipo pakona pa kagalasi panaonekanso kanthunzi kakang'ono. Dzanja langa linanyamuka lokha.

"Kwerani kumbuyo, bambo a Tadala," anatero.

Ndinakwera, n'kukhala pamodzi ndi mafosholo. Ndiko ndimakhala mpaka lero, ndipo ndavomereza kuti chinthu chikamalira bwinobwino uzichisiya. Kungoti pansi pa mtima ndimaonabe kuti cholakwika chinali mpunga. Mchere nawonso umakoka chinyontho, ndipo makoswe saudya.