Tsiku Limene Ndinalonjera Khonsolo Yonse

Anzanga, inu amene mwakhala mukunditumizira kavidiyo kaja n'kumandifunsa kuti ndinamwa chiyani tsiku limene lija, lero ndifotokoza ndekha, chifukwa nkhani yako ukaisiya m'manja mwa anthu amaithira tsabola wambiri. Sindinamwe kanthu. Ndinali bwinobwino, mutu uli m'malo mwake, ndipo chomvetsa chisoni n'chimenecho.

Muyambe mwamudziwa Tadala, mwana wanga wamkazi. Anabwera kuno ku London ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera kwa agogo ake ku Zomba. Kunyumba ankalongolola ngati wailesi, koma atangolowa sukulu pakamwa panatsekeka. Teremu yonse mwana osatulutsa liwu m'kalasi, akamufunsa amangoyang'ana nsapato zake. Ine ndi amake mtima unkatiwawa kwambiri, tinafika podzifunsa ngati sitinalakwe kumubweretsa.

Ahedi a pasukulupo ndi Mayi Doyle, mzimayi wamfupi wa imvi, amene amaima pageti m'mawa uliwonse, kaya mvula kaya chisanu, kupereka moni kwa mwana aliyense pomutchula dzina. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundifunsa mmene timaperekera moni kwathu, ndinawalembera pakapepala. M'mawa mwake anawerama pamaso pa mwana wanga n'kunena, lilime likupunthwa paliponse, "Wadzuka bwanji, Tadala?" Mwana anaseka, kenako anayankha kuti wadzuka bwino. Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba pasukulupo, ndipo ine ndinakakwera basi maso ali ofiira.

Ndiye chaka chino kunabwera kalata yochokera ku khonsolo. Akufuna sukulu zitatu za m'dera lathu zikhale ndi hedi mmodzi, aziyang'anira zonse ali mu ofesi kwina, Mayi Doyle apume. Makolo tinakana. Tinasainitsa mayina pageti, tinalemba makalata, mpaka khonsolo inavomera kuti munthu mmodzi akalankhule m'malo mwa makolo onse pamsonkhano wawo. Munthu mmodzi, mphindi zitatu.

Apa ndivomere tchimo langa: palibe amene anandikakamiza, ndinaimika mkono ndekha. Mukundidziwa, ukwati wa Amalawi kuno, chinkhoswe, phwando la mwana, amene amagwira maikolofoni ndine. Ndinayendetsapo perekaniperekani maola anayi osamwa madzi. Ndiye mphindi zitatu n'chiyani kwa munthu ngati ine? Amai Zulu, mnzathu wa ku Chipata amene amatsogolera gulu la makolo, anandiyang'ana mokayikira.

"Ba Kamwendo, uku si ku wedding," anatero. "Mukambe chabe point, mwamvela? Three minutes ikasila bazazimya mic."

Ndinawaseka. Ndinawauza kuti maikolofoni ndi ine tinakulira limodzi. Akazi anga anangondilembera mfundo zitatu pakapepala n'kuika m'thumba la jekete. Tadala yekha ndiye anandigwira dzanja tsiku la msonkhanolo ndikutuluka. Masiku ano Chichewa amamva koma amayankha Chingerezi. Anati, "Dad, just tell them about the gate. Promise?" Ndinalonjeza, dzanja pamtima.

Kulakwa koyamba kunali mandasi. Ine ndinaleredwa kuti kwa akuluakulu sapita chimanjamanja, makamaka ukamakapempha. Ndiye ndinapempha akazi anga akazinge ndowa yathunthu, iwo akukana, ine ndikuumirira. Ndinakwera nayo sitima ya District line nditavala suti yanga ya maukwati, yabuluu yonyezimira ija, sitima yonse ikununkhira mafuta, anthu akundiyang'ana cham'mbali. Titafika pakhomo la holo, mayi wina wa baji pachifuwa anandifunsa kuti mundowamo muli chiyani. Ndinavundukula monyadira n'kumuuza kuti ndi kangachepe ka makhansala. Nkhope yake inasintha. Anandifotokozera mwaulemu ndithu kuti sangalandire mphatso kwa munthu amene ali ndi nkhani pamaso pawo, zingaoneke ngati ziphuphu. Ziphuphu, anzanga? Mandasi? Kwathu ukapereka mandasi ngati chiphuphu angakuthamangitse chifukwa cha chipongwe. Koma ndinalibe pokasiya ndowa, ndinalowa nayo n'kuiika pansi, pafupi ndi miyendo yanga.

Kulakwa kwachiwiri sikunali kwanga ndekha, nawonso anandiputa. Makhansala khumi ndi awiri anakhala mozungulira tebulo lalikulu, ndipo patsogolo pa aliyense panali kathabwa kolembedwa dzina lake ndi udindo wake. Mukudziwa chimene chimachitika kwa munthu woyendetsa miyambo akaona mayina a akuluakulu atalembedwa kale, osafunika kufunsa wina? Mate amadzadza m'kamwa. Patebulo langa panali kanyali. Wapampando anafotokoza kuti kakakhala kobiriwira ndilankhule, kakasanduka kachikasu yatsala mphindi imodzi, kakafiira basi. Ndinagwedeza mutu ngati munthu womva.

Kanyali kanabiriwira. Ndinakonza tayi, ndinatsokomola pang'ono, mawu a paukwati aja anadzitulukira okha.

"Olemekezeka wapampando wa msonkhano uno, ndisanayambe ndikupatseni ulemu wanu. Muli bwanji, ndipo kunyumba mwawasiya bwanji?"

Kenako ndinadikira. Inde, ndinadikira yankho, chifukwa moni wosadikira yankho ndi mwano. Wapampandoyo, amene anali mzimayi, anayang'ana anzake, anayang'ana ine, kenako anati ali bwino, zikomo. Ndinawerama n'kupita kwa wachiwiri. Dzina, udindo, dera limene amaimira, thanzi lake, kuwerama. Wachitatu chimodzimodzi. Mumtima ndinkangoti zikuyenda, anthu awa sanalemekezedwepo chonchi chibadwire.

Nditafika pa wachisanu ndi chiwiri ndinaona bambo wina atakhala payekha pakona, jekete lakuda, zomvera kumutu, patsogolo pake pali tebulo lake lake la mabatani ambirimbiri. Analibe kathabwa ka dzina. Kwathu munthu amene wakhala payekha, osalankhula, wopanda dzina patsogolo chifukwa aliyense akumudziwa, ameneyo ndiye mwini zinthu. Ndipo ine ndinali nditamudumpha! Ndinatembenuka thupi lonse, kupepesa, n'kumulonjera ngati mkulu wa zamaphunziro m'dera lonse. Bambo uja anayamba kundikodola ndi dzanja, ine ndinayesa akundidalitsa, ndinaweramanso kachiwiri, mozama kuposa poyamba. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi woyang'anira zokuzira mawu, ndipo ankandiuza kuti ndibwerere pamaikolofoni chifukwa sindikumveka.

Kanyali kanasanduka kachikasu.

Kumbuyo ndinamva akazi anga akutsokomola chifuwa chimene alibe. Amai Zulu ananong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka pakhomo, "Ba Kamwendo, gate! Kambani za gate!" Ndinawamva, musaganize kuti sindinawamve. Koma tandiuzani, mukanakhala inu mukanatani? Asanu ndi awiri wawalonjera, asanu atsala akukuyang'ana. Uwadumphe? Asanu amenewo nawonso amavota. Ndinaganiza kuti ndikawasiya adzakwiya, sukulu idzavutika chifukwa cha mwano wanga. Ndiye m'malo mosiya ndinangowonjezera liwiro, dzina kuwerama, dzina kuwerama, ngati nkhuku yotola chimanga.

Pa womaliza, bambo wachikulire wa ndodo, ndinabweza mwendo m'mbuyo kuti ndiwerame bwino. Chidendene chinapeza ndowa. Chivundikiro uko, mandasi uko, kugubuduzika pakapeti ya khonsolo mbali zonse, limodzi linayenda ulendo wautali mpaka kukaima pa nsapato ya wapampando. Ine ndinangolimba mtima n'kunena kuti, "Tsopano, nkhani imene ndabwera nayo ndi iyi."

Kanyali kanafiira. Mkulu wa zamaphunziro uja anadina batani, maikolofoni inafa.

Ndinapisa dzanja m'thumba n'kukhudza kapepala ka akazi anga, kopindidwa monga anakapindira. Ndinacheuka, makolo onse amene anasaina mayina aja mitu ili pansi, ndipo kumzere womaliza Mayi Doyle atagwira pakamwa. Apa kuseka kunandithera. Ndinakumbukira kuti msonkhanowo unkaulutsidwa pa intaneti, ndipo Tadala anali kwa aneba akuonera. Mwana anandipempha chinthu chimodzi chokha, makolo anandipatsa mpata umodzi wokha, ine ndinaugwiritsa ntchito kufunsa za umoyo wa anthu amene ali bwinobwino. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, ndipo misozi inali pafupi.

Wapampando, akukankhira pambali ndi phazi mandasi aja anamufikira, anafunsa ngati pali khansala amene ali ndi funso kwa wolankhulayo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti pamakhala mafunso. Bambo wa ndodo uja anaimika mkono.

"Bambo Kamwendo," anatero pang'onopang'ono, "ndakhala pampando uno zaka zambiri, ndipo palibe amene anabwerapo kudzandifunsa za banja langa. Ali bwino, zikomo. Koma ndithandizeni chinthu chimodzi. Ganizo la khonsololi, mukugwirizana nalo kapena mukulikana?"

Anthu anaphulika nako kuseka, ngakhale makolo anzanga, ngakhale akazi anga amene ndinawalipirira ulendo wobwera kuno. Mphindi zitatu zathunthu, ndipo panalibe munthu mmodzi patebulo lija amene ankadziwa mbali imene ndili. Wapampando anati ndiyankhe mwachidule, ndipo mawu akuti mwachidulewo anawanena kawiri.

Mawu a paukwati aja anali atathawa. Anatsala anga enieni, aang'ono.

"Ndikulikana, bwana. Mwaona nokha kuti ine ndalephera kupereka moni kwa anthu khumi ndi awiri m'mphindi zitatu. Mayi Doyle amapereka moni kwa ana a sukulu yonse m'mawa uliwonse, aliyense ndi dzina lake. Mwana wanga anakhala teremu yathunthu osalankhula, ndipo chimene chinamutsegula pakamwa ndi moni wa pageti. Ndiye ndikufunseni, munthu mmodzi adzaima bwanji pa mageti atatu nthawi imodzi?"

Bambo wa ndodo uja analemba kanthu papepala lake. Ine ndinagwada n'kuyamba kutola mandasi, chifukwa panalibenso china choti ndichite, ndipo amene anabwera kudzandithandiza anali mkulu wa zamaphunziro uja. Anandinong'oneza kuti chiyambire ntchito sanakwezedwepo udindo mofulumira chonchi.

Sindikunamizani kuti tinapambana. Khonsolo inangoimitsa kaye ganizolo kuti imvenso maganizo a makolo, ndipo Amai Zulu anena kale kuti ulendo wotsatira akalankhula okha, ine ntchito yanga idzakhala kusunga majekete. Sindinatsutse. Mandasi amene anatsalira m'ndowa tinadyera panja, ndipo Amai Zulu omwewo anadya anayi uku akundikalipira.

Nditafika kunyumba Tadala anandithamangira n'kundikumbatira m'chiuno. "You said the gate," anatero, nkhope ataibisa mu jekete langa. Mtima unakhala pansi. Kenako anadzutsa mutu. "But Dad, you bowed to the microphone man. Twice."

M'mawa mwake ndinafuna kumusiya mwana pakona kuti ndisaonekere pageti, koma anandikoka mpaka kufika. Mayi Doyle anali pamalo pawo, ambulera m'manja. Anapereka moni kwa Tadala monga mwa masiku onse, kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri, nthawi yaitali. Maso awo anali onyowa, anganso. Ndiye anakonza kukhosi n'kunena ndi Chichewa chawo chopunthwa chija, "Mwadzuka bwanji, Bambo Kamwendo?" Ndisanatsegule pakamwa anayang'ana wotchi yawo n'kuwonjezera, "You have three minutes."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira. Kulikonse kumene kuli kanyali, ine moni wanga ndi umodzi wa onse, amene akufuna kuti ndimufunse za kunyumba andipeze panja. Ndipo munthu wokhala payekha pakona sindidzamuweramiranso ndisanafunse kuti mabatani akewo ndi a chiyani.