Mazira mu Ladiyeta

"Amake Lute, motoka yanu ija imakodza pabwalo tsiku lililonse, ba Tembo adziwa?" Anandifunsa choncho amake Joni, oyandikana nawo nyumba ku Kabwata. Ndikanangoseka n'kupitiriza kuchapa matewera, bwenzi lero ndikuweta nkhuku.

Galimotoyo sinali yathu. A Tembo, bambo a Lute, ankayendetsera mzungu wa ku Kabulonga, ndipo ankaloledwa kugona nayo kunyumba (ulemu wake pamzere wathu wonse, musanene). Anandiuzapo kuti ladiyeta ikauma injini imapsa, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndiye pochokera kumpopi m'mamawa ndinkaithira madzi mpaka pakamwa, monga ndimadzazira mtsuko, iwo asanadzuke. Mkazi wabwino salengeza.

Madzulo akaimika, pansi pankachita chithaphwi. Bambo ankakwawira kunsi n'kutuluka akukanda mutu.

"Madzi akutayika, koma m'mawa ndipeza yodzaza. Pali munthu pamenepa."

Munthuyo ndinali ine, koma nanenso ndinayamba kukayikira anzathu.

Amake Joni anati, "Tilani dzila, mlamu wanga wa malole ndiye acita conco. Likapsa litseka kaboo."

Ndinaswera limodzi, kulanda thadzi langa lofungatira. Chithaphwi chomwecho. Ndinaonjezera awiri. Kenako tsabola wopera. Kenako mazira otsalawo, poti mwana akakana mankhwala sugonja msanga.

Loweruka bambo ananyamula Dona, mkazi wa mzunguyo, kupita ku Woodlands. Panjira galimoto inawira, fungo n'kulowa m'kati, Dona n'kutsika atatseka mphuno ndi chipewa. Bambo anaikankhira kwa Che Saidi, makaniko wa ku Emmasdale, ndipo ine anandiitanitsa, Lute ali kumsana.

Che Saidi anatsukuluza ladiyeta pamaso panga. Zimene zinatuluka sindizilemba.

"Mayi, mchere munaiwala," anatero. "Nanga madzi amathira ndani?"

"Ine. Mpaka pakamwa."

Anandionetsa kapaipi kam'mbali. "Madzi akatentha amafufuma, otsala amatulukira apa. Galimotoyi sinadonthepo. Mumangoikhutitsa."

Bambo anatembenukira kwa ine nati, "Ndiye mfiti ija ndimagona nayo."

Ntchito inapulumuka, koma mzungu analamula kuti galimoto izigona ku Kabulonga. Bambo tsopano amapalasa njinga yobwereka, ndipo akamakwera chitunda sindikhulupirira kuti amanditchula bwino.

Zinatayika ndi izi: mazira asanu ndi limodzi, tsabola wa mwezi wonse, thadzi lomwe linanyanyala n'kusamukira kwa amake Joni, ndi galimoto pakhomo.