Manja a Tawina ndi Katemera wa Chitopa

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Moyo wa Nkhuku,

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikusokoneza misonkhano yanu. Kalatayi ndailemba n'kuing'amba kangapo, poopa kuti mwina wolakwa ndine, kapena nkhukuzo. Cholinga changa n'kuthokoza basi.

1. Zikomo chifukwa cha katemera wa chitopa. Mlongo wanga Tawina ndiye amayenda naye pa njinga kuchokera ku Golomoti mpaka kuno ku Mtakataka, botolo atalikulunga m'kansalu konyowa monga munamuphunzitsira, n'kumadonthezera m'diso la nkhuku iliyonse. Chilimwe chino zonse zinalandira. Zambiri zinafa, koma zinafa zotetezedwa, ndipo zimenezi zatitonthoza kwambiri.

2. Ku koleji ankatiphunzitsa kuti kachilombo sikakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Pamene kakuswana, chibadwa chake chimasintha pang'onopang'ono, mwakuti ka chaka chino kangasiyane ndi kamene opanga katemera ankakadziwa. Sindikunena kuti ndi zimene zachitika kuno. Sindikudziwa, mwina tsiku limenelo ndinkasinza m'kalasi. Ndikungodandaula mwano wa kachilomboka, ngati kasinthadi osayamba kadzapempha chilolezo ku ofesi yanu.

3. Tikuthokozanso anyamata anu amene anabwera pa galimoto yoyera chaka china, natenga nkhuku zakufa kuti akaziyeze. Zotsatira sitinazimve. Tikukhulupirira kuti zinakoma.

4. Poti inu muli chete, mudzi wadziyezera wokha, ndipo wapeza kuti vuto ndi manja a Tawina. Akamva belu la njinga yake, amayi amatsekera nkhuku m'nyumba. Pamjigo amamusiyira malo aakulu ngati mfumukazi. Ana amamutcha Nachitopa. Azakhali athu enieni anathamangira kumsika kukagulitsa zodwala zawo motchipa, kuti matendawo akagwere ena, pobwera n'kudzera kwathu kudzamulalatira. Iye akuchapabe kansalu kake, kudikira botolo lina, chifukwa amakukhulupirirani kuposa mmene ine ndimadzikhulupirira.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Ngati kuyeza kachilomboka kungakutopetseni, bwerani tsiku la msika ku Golomoti, mudzaime pambali pa Tawina, mudzauze anthu kuti manja akewo anangochita zimene inu munawatuma. Za njala musadere nkhawa. Kuno mlendo wolemekezeka timamulandira ndi nkhuku, ndipo yanu idzakhala yolandira katemera. Sitidzavutika n'kunola mpeni.

Ine wanu wosadziwa kanthu,

Chifuniro,
Mtakataka